Dzina Langa pa Fomu ya Esinati

Kalaliki wa pa windo lachitatu
ananyowetsa chala, natembenuza pepala,
nati: "Tilabilenji Mshanga ndinu?"
Ndinavomera ngati wogwidwa ndi mbuzi ya eni.
"Akulu anu analemba inu."

Ine, Esinati?

Pansi pa siginecha yako panali deti:
Juni wa chaka chija tinalimbirana makina osokera a amayi,
chaka chimene unkandidutsa mu msika wa Kapata
ngati ndine mtengo wa magetsi.
Pakamwa unanditsekera zaka zinayi,
koma cholembera chako
chinali chitandikhululukira kale, osandiuza.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za choko,
Katete, Chadiza, ndi kasukulu kaja kopanda zitseko
kuseri kwa Vubwi.
Mwezi uliwonse ankabudula pang'ono pa malipiro ako
ngati mbewu yosungira dzinja,
iwe nkumadya chibwabwa chopanda mafuta
kuyambira pa twente mpaka mwezi kutha.
Unkati ukapuma ntchito udzagona mpaka naini koloko.
Panatsala miyezi khumi ndi inayi.

Ndayenda, mkulu wanga.
Akufuna chitupa chako, chitupa changa,
kalata ya imfa, kalata ya ku khoti,
chidindo pamwamba pa chidindo.
Mnyamata wa njinga wondikweza kuchokera ku Navutika
safunsanso kuti tikupita kuti.
Katatu anandibweza chifukwa cha chilembo chimodzi:
pepala lina likuti Esnart, lina Esinati,
ngati kuti munafa anthu awiri.

Ndalama zisanatuluke, fungo lake linatuluka.
Amalume a Elifasi, amene sanaponde ku chipatala,
abwera ndi nkhuku ndi chithunzi cha minibasi.
Alamu akuti mwala wa pamanda ukhale wa ku Lusaka,
wakuda, wonyezimira, anthu aone.
A ku mpingo andikumbutsa za denga lodontha.
Wina wanditumira uthenga usiku:
ikani kwa ife, pa miyezi itatu zibereka kawiri.
Ngakhale mtima wanga, usaname,
waima kale pa shopu ya Mmwenye
kuyeza ndi maso makina a magetsi.

Koma Zondiwe wako ali giredi naini.
Sanapemphe kanthu.
Amangochapa yunifomu yake Lachitatu madzulo
nkuiyanika kuseri, kuti ndisaone pong'ambika.

Tsiku limene foni inalira kuti zalowa
ndinali ndi mapini anayi pakamwa,
ndikupinda diresi la mkwatibwi wa eni.
Ndinawerenga manambala kawiri,
ndinalavulira mapini m'dzanja,
nkupita kuseri kwa zimbudzi za msika kukalira.
Si zambiri, Esinati.
Moyo wonse wa munthu, wokwana mu mzere umodzi wa foni.
Si zochepanso:
zikhoza kupasula banja lonse.

Ndagula kope la chikuto cholimba,
longa lija unkaitanira mayina m'kalasi.
Tsamba loyamba ndalemba: Za Esinati, si zanga.
Pansi pake: fotokope, sikisi kwacha.
Njinga, maulendo khumi ndi asanu ndi awiri.
Ngongole yako ya shuga ndi sopo kwa a Thole, ndabweza;
iwo anali ataifufuta, ine ndakana.
Zotsala ndazitsekera ku banki, pa dzina la mwana,
kumene ngakhale dzanja langa liyenera kugogoda.

Amalume atenga nkhuku yawo.
Pa maliro a mawa sadzandipatsa moni, ndikudziwa.
Ndinaphunzira kwa iwe
kuti munthu akhoza kukhala chete zaka zinayi
ali ndi dzina lako m'thumba.

Makina a amayi aja akadali pano.
Lamba wake ndamanga ndi waya.
Usiku uno, Kanjala atabisa dzuwa,
ndisokerapo yunifomu ya Zondiwe,
ndipo ulusiwo sindiulemba m'kope.