Dontho Lotsala Kumanzere

A Daka anagwedeza pamanganeti m'galasi,
mtundu wake ngati lilime la mwana wodya jambula.
Atathira salifaiti, madzi anasanduka
matope a Lunkhwakwa mvula itakalipa.
Anati: apa wina wataya, wina watola,
ndipo palibe chagwera pansi.
Lembani padera wotaya, padera wotola.
Mbali yoperewera okosijeni ipatseni madzi.
Koma kumbukani, muno si mu asidi,
muno ndi m'chidulo, moterera ngati sopo,
haidirojeni sayenda yekha muno;
muphatikizeni ndi haidirokisaidi, akhale madzi.

Usiku magetsi athawa ku Mchini konse.
Ndayatsa foni ya Yotamu, galasi lake losweka.
Manganizi akufuna maelekitironi atatu,
salifaiti ali nawo awiri okha opereka.
Atatu ndi awiri sagwirana chanza,
mpaka uchulukitse uyu kawiri, uyo katatu,
akumane pa asanu ndi limodzi.

Yotamu wagona pamkeka, nsapato ili kuphazi.
Kuyambira mbandakucha wapalasa njinga,
Kapata, chipatala, Kapata,
mayi wina ndi thumba la mbatata kumbuyo,
tcheni kuduka kawiri pachitunda.
Anasiyira giredi naini
chaka chimene ine ndinkafuna yunifolomu.
Sanadandaule. Anangogulitsa mabuku ake
nagula pampu.

Ndikuwerenganso, pensulo yafupika ngati chala.
Madzi anayi kumanzere, atatu kumanja,
ndifafaniza atatu uku, atatu uko.
Mahaidirokisaidi asanu ndi atatu alimbana ndi asanu ndi limodzi,
awiri apulumuka, akhala kumanja.
Ndiwerenga maatomu ngati wosintha ndalama ku Mwami,
kunyambita chala, kubwerezanso.
Zalingana.
Ngakhale matchaji alingana.

Koma kumanzere kwatsala madzi amodzi,
kadontho kamodzi kopanda mnzake wofafaniza naye.
A Daka adzati nkoyenera,
popanda iko sikelo ipendekeka.

Ndatembenuzira kuwala kwa foni kumkeka.
Pachipumi pa Yotamu thukuta silinaume.
A Daka, mawa ndikweza dzanja:
amene wapereka maelekitironi ake onse,
mwati dzina lake ndi wochepetsa mnzake,
chonsecho mnzakeyo ndiye wanyamula katundu kupita naye.
Nanga ngongole yotereyi imabwezedwa ndi chiyani?

Batire latsala pang'ono.
Mafunso atsala anayi.
Ndizimitsa, mawa makasitomala adzamuyimbira.