Pakati pa Dontho ndi Linzake

Usiku wachinayi ku Graniteside,
lamba wa mabotolo akunjenjemerabe ngati wamalungo.
Ukamuthamangitsa amayenda bwinobwino.
Ukati pang'onopang'ono, basi,
mapepala omata pa mabotolo a mafuta
amakhala chopendekeka, Tapfuma n'kumatukwana m'Chishona,
ine n'kumayankha m'chinenero cha bambo anga.

Kumbuyo kwa mota kuli kagudumu
kosaposa chikhatho cha khanda,
kotemedwa timipata chikwi ndi kanthu.
Kampata kakadutsa, kuwala kumaphethira.
Kompyuta imawerenga kuphethirako,
kamphindi kake kakatha imafunsa: kangati?
Pa liwiro yankho ndi mazana,
kuphonya kamodzi si mlandu.
Koma lamba akamakwawa
yankho ndi kamodzi. Palibe. Kawiri. Palibe.
Ndiye imati mota waima, n'kumukankha,
imati wathawa, n'kumugwira pakhosi.

Ndinayesa kusalaza manambalawo, kuwaphatikiza khumikhumi.
Anasalala ndithu, koma ankafika mochedwa
ngati kalata ya ku Dedza yogona pa Nyamapanda,
nkhani itatha kale.

M'mawa ndinapita ku Gomo osasamba,
girisi m'zikhadabo.
Bambo ali gone, diripi pamkono.
Sisita Marufu sanawerenge madontho a mphindi yathunthu.
Anadikira limodzi ligwe,
maso pa wotchi ya pachifuwa,
mpaka linzake litatupa,
litalendewera,
litagwa.
Anapotokola kagudumu ka pachubu pang'ono chabe, n'kupita.

Ine kukamwa yasa.
"Iwe Lingisoni," anatero bambo,
"ukuyang'ana chiyani? Madzi ndi madzi."

Mu kombi ya ku Mufakose, bondo la munthu m'nthiti,
ndinalemba kuseri kwa lisiti la mankhwala:
usangofunsa kangati, funsanso liti.

Usiku wachisanu ndinaiphunzitsa kompyuta
kusunga nthawi ya kuphethira kulikonse,
kuyeza kuchokera pa koyamba kufika pa komaliza,
osati pomwe belu lake lalirira.
Ndipo kukakhala zii,
isathamangire kulengeza kuti waima.
Ingoti: akuyenda, koma mochepera apa.
Idikire.

Lamba anakwawa ngati mafuta pa galasi.
Tapfuma ananyamula botolo, kulizunguza pa getsi,
kufuna chifukwa, osachipeza.
Anangoti, "Mudhara wako ari sei?"

Tisanafike mabotolo mazana atatu magetsi anazima.
Jenereta ilibe dizilo chiyambire Lachiwiri.
Tinakhala pa makatoni mumdima,
fungo la guluu, chitsulo chikuzizira, thi, thi,
patapita nthawi, thi.

Foni ili m'thumba la ovolosi.
Mlongo wanga Esinta ali pambali pa bedi,
amatumiza uthenga bambo akatembenuka.
Womaliza unabwera itangokwana leveni.
Sindikuwerenganso kuti ndi angati.
Ndagwira wotchi,
ndipo zii ameneyu
sindimupatsa dzina msanga.