Ndolo za Ng'ombe

Boma linati lidzatipepesa, koma liyambe laona.
Ndiye bambo anandipatsa mpeni ndi chitini cha khofi,
tinatsikira kudambo madzi a Niobrara atangophwa,
matope akutilanda nsapato.

Ng'ombe zathu zinkavala ndolo zachikasu,
iliyonse nambala yake.
217 tinaipeza itakodwa pa waya waminga,
miyendo m'mwamba ngati tebulo logubuduzika.
88, ija inkakonda kunyambita mkono wa jekete langa,
inali m'munda mwa a Hruska, makilomita anayi kumunsi,
mimba ili tuu, maso akhwangwala atadya kale.
Ndinagwira khutu lozizira.
Ndinadula.
Khobo! m'chitini.

Ana obadwa sabata imeneyo analibe ndolo.
Tinali tisanawaboole.
Mtsinje unawanyamula opanda dzina,
ndipo pepala la boma lilibe mzere
wolembapo chinthu chimene sichinalembedwepo.

Ku ofesi, Mayi Pavlik anayala ndolozo patebulo
ngati akusankha nyemba.
Amatidziwa. Mwana wawo ndinkakwera naye basi ya sukulu.
Komabe anafunsa monga lamulo linenera:
Zinafa tsiku lanji? Zinkalemera bwanji?
Zithunzi muli nazo? Nanga mboni yoti si mbale wanu?
Bambo anavula chipewa, nkumachizunguliza m'manja.
"Mboni ndi mtsinje," anatero.
Mayi Pavlik sanaseke.
Analemba dzina la a Hruska.

Kenaka kudikira.
Mchenga umene madzi anasiya pamsipu unkafika m'mawondo,
tinaukankha ndi thalakitala yobwereka mpaka dzinja linabweranso.
A ku banki ankaimba Lolemba lililonse, mwaulemu wake.
Bambo, munthu amene moyo wake wonse
ankati ndalama ya boma ndi mkate wa aulesi,
anayamba kuyenda wapansi kukafika kumsewu
kukasuzumira m'bokosi la makalata,
nkumabwera ndi mapepala otsatsa matayala
akunamizira kuti amakaona mpanda.

Inabwera patatha miyezi khumi ndi inayi.
Sinabwere mu envulopu, sitinaigwire nkomwe:
manambala chabe pagalasi la foni.
Inagona kwathu usiku umodzi ngati mlendo wapaulendo,
kutacha banki inadzatenga zake,
wogulitsa udzu wouma zake,
dokotala wa ziweto zake.
Zotsala zinakwana misoti isanu ndi inayi.
Zinapita makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu.
Sindikudandaula.
Pakadapanda izo, bwenzi pachipata pali chikwangwani cha wogulitsa malo,
monga chilili pachipata cha a Sedlacek.
Ndikungowerenga. Boma ndilo linandiphunzitsa kuwerenga.

Chitini anatibwezera.
Chili pashelefu m'khola, pakati pa misomali ndi mankhwala a nkhupakupa.
Mphepo ikagwedeza malata, chimalira chokha, tseketseke.

Usiku wathawu msoti woyamba waswa.
Kunja kuli zii, chisanu chikuluma zala,
bambo atanyamula tochi, mpweya wawo ukufuka ngati utsi.
Kamwana kanagwa paudzu kali chinyezi, kakunjenjemera,
make asanakanyambite, kasanayese ngakhale kuima,
ine ndinali nditagwada kale, chibowolero m'manja.
"Kasiye kayambe kayamwa," anatero bambo.
Ndinamva.
Koma kumunsi uko mtsinje unali kuswa madzi ake oundana,
phwa, phwa, mumdima,
ndipo ndinagwira khutu lofunda lija.