Theka Linalo Ndinasuta

Anafika Lachinayi, tsiku la msika pa Chamama,
zimkuzamawu ziwiri atazimanga ndi mphira padenga la galimoto.
Mtsikana wa sikipa yoyera anaimirira kumbuyo kwake
n'kumafuula za ufulu wachibadwidwe mpaka mawu kusasa.
Ine ndinali nditabwerera mchere ndi palafini.
Masikipa anatha mzere usanasunthe,
otsalafe anatipatsa mapepala.

Linali pepala labwino, lomvera malovu.
Usiku kuchigafa ndinang'amba m'munsi mwake
n'kupichira chingambwe.
Masiku anayi ndikung'amba, ndikusuta.
Linkayaka bwino, ndisaname.

Analipeza ndi Nelifa m'thumba la kabudula pochapa,
Nelifa yemwe ndinam'tulutsa mu sitandade faifi
kuti azisoka fodya, poti zala zake n'zachangu.
Anakhala pa chitsa, chala chikulondola zilembo
ngati nkhuku yotola mapira:
Wo-gwi-ra ntchi-to a-dzi-we ma-li-pi-ro a-ke.
A-o-ne bu-ku la ngo-ngo-le ya-ke.
Mwa-na a-kha-le m'ka-la-si.
Pamenepo anameza malovu, osandiyang'ana.
Wi-na a-ka-ku-po-nde-re-za-ni, i-mba-ni pa
ndipo pepala linathera pomwepo.

Nambala ija inadutsa m'chifuwa changa
n'kutulukira m'mphuno.

Zaka zitatu pa esiteti ino
a Chikakuda akulemba m'buku lawo lachikuto chakuda:
ndowa ya chimanga, sopo, panado wa mkazi wanga,
khasu lomwe linathyoka lokha.
Mabelo akapita ku okushoni amati, mwatsala ndi ngongole a Lufeyo,
ine n'kuwomba m'manja, zikomo bwana.

Loweruka ndinaima pakhomo la ofesi, chipewa chili kumutu.
Ndati ndione nawo bukulo.
Mawu anatuluka aang'ono, ngati obwereka.
Anaseka mpaka kutsokomola,
mwayamba liti kuwerenga inu?
Ndinati ndabwera ndi wondiwerengera.
Sanatsegule.
Koma analiika m'dilowa n'kukhoma,
buku lomwe kale linkagona poyera patebulo.
Mawa lake anakafunsanso Sitima ndi mlamu wake.

Sindinena kuti zasintha.
Ndowa ikadali yophwanyika m'mbali, yosadzaza.
Agalimoto aja sanabwerenso,
akuti ali cha ku Santhe, kapena ndalama za ulendo zinatha.
Nelifa yekha ndiye amalawira tsopano ndi kope m'jumbo,
phula la fodya lisanachoke m'zikhadabo,
ndipo fodya wake ndimasoka ndine usiku, mokhotakhota.

Lachinayi lililonse ndimazungulira msika
kufunsa amene anasunga m'munsi mwa pepala.
Ena anayatsira mbaula, ena anapita nalo kuseri.
Dzulo mayi wa zitumbuwa wandikulungira ziwiri
m'theka lomwe ndinkafunalo.
Manambala asanu ndi awiri akuoneka,
atatu anamwa mafuta.
Nelifa waliyanika padzuwa, walipsinja ndi mwala.
Akuti ndingopeza mayunitsi,
otsalawo tiziyesa imodziimodzi.