Makobiri a Pabwinja

Makinawa si anga.
Ndi a mlamu wanga Sumani, anabwera nawo kuchokera ku Joni
atawakulunga m'bulangete,
ndipo tsiku lililonse akagona m'manja mwanga
ngongole imabala mwana.

Masiku khumi ndi limodzi kumapiri a kuseri kwa Makanjira
ndikusesa tchire ndi tsache losachotsa zinyalala.
Likati twii, mtima uli phaa,
piki m'mwamba.
Msomali. Khasu lakutha. Chitsekerero cha botolo.
Tsiku lina belu la njinga lopanda lilime.
Nthaka ya kuno imasunga chilichonse
kupatula golide amene ndinadzera.

Anzanga osefa matope m'mabeseni kumtsinje
anandipatsa dzina loti Dokotala,
ati ndikupima dziko chifuwa.

Lachinayi, dzuwa lili paliwombo,
ndinapatukira pabwinja kufuna mthunzi:
mango atatu okalamba, mafuwa omwazikana,
mphero yogona chafufumimba.
Makina ndinangowatsamiritsa pamuzu
ndiye analira okha, kulira kwina,
kwapansipansi, kokhuta.

Ndinacheuka uku ndi uku. Sindinaitane munthu.
Bisimila, piki. Kenako zikhadabo.
Dzenje litafika m'chigongono
kamtsuko ako, kovundikira ndi phale,
kansanza koyoyoka ndikangokakhudza,
koma kulemera kwake, abale, kulemera!
Pompo nyumba ndinafolera malata,
njinga yamoto yofiira ndinagula,
Sumani ndinamubwezera zake anthu akuona.

Kukhuthulira pamalaya: makobiri.
Obiriwira, omatana ngati mazira a chule,
ena oboola pakati.
Kupaka malovu ndi chala chachikulu
njovu ziwiri zinadzuka m'dzimbiri;
pa tiki wochepa ngati mamba a nsomba
mutu wa mfumu yakunja, mphuno itaperepeseka,
ikuyang'anabe kumbali
ngati munthu amene uli naye ngongole.

Makumi anayi ndi asanu ndi awiri.
Ndinawerenga kawiri.

Che Wadi, wogula golide, wa kasikelo kam'thumba,
anatola limodzi, kuliluma,
kuseka mpaka kutsokomola.
"Dokotala, izi kagulire machesi kumanda."

Usiku ndikuwatsuka ndi mandimu ndi phulusa
mkwiyo unasungunuka pamodzi ndi dzimbiri,
ndinayamba kukufunsa iwe, mwini wake.
Unali ndani?
Telala wosonkhera makina osokera?
Mkazi wobisira mwamuna wa dzanja lodontha?
Kapena zinali za msonkho,
unkagona khutu lili kunjira kumvetsera nsapato za mesenjala?
Tiki uyu unadzimana chiyani, mchere kapena sopo?
Unafotsera, kupondaponda, kuwazapo masamba,
unati mawa.
Mawa linafika iwe kulibe,
mudzi unasamuka, ndalama inasintha dzina,
mango okha ndiwo anatsala pa ulonda
osadziwa chomwe akulondera.

Sindikukuseka ayi.
Kumutu kwa mphasa yanga kuli chitini cha mkaka;
chaka chatha chikanagula matumba awiri a feteleza,
lero ngakhale limodzi chimalipatsa moni chapatali.
Zako zinafera m'dothi iwe osaona.
Zanga zikufa ndikuziwerenga.

Kutacha, mwana wanga Yahaya
wasankha anayi oboola aja,
wapisa waya, wapinda ndi mano,
galimoto yake yapeza matayala.
Ili ngwe ngwe ngwe pabwalo,
njovu zikugudubuzika m'fumbi,
anzake ali pambuyo kupempha kuyendetsako.
Ukumva, mwini wake?
Ndalama zako zayamba kuyenda.

Otsalawo ndawabwezera m'kamtsuko.
Sindikudziwa ngati ndi anga.

Batire latsala mzere umodzi.
Sumani waimba kawiri, sindinayankhe.
Piki paphewa, tsache langa m'manja,
ndikadutsanso pabwinja paja
kukakwirira dzenje ndinasiya kukamwa kuli yasa.