Kamudzi Kondikola Pakhosi

Ndaziona watumiza zithunzi pa foni
za kamudzi ka ku Holande komwe akusamalira nkhalamba.
Dzina lake ndaliyesa katatu,
landikola pakhosi ngati munga wa nsomba.
Nyumba makumi atatu ndi zinayi basi, akutero,
tchalitchi chokhoma, ng'ombe zonenepa ngati za m'buku,
ngalande yowongoka ngati anachita kuilemba ndi lula.
Dziko lathyathyathya mpaka kotherera maso,
ngakhale chulu palibe.

Lamulungu akuti amapalasa kumka mudzi wina
kukaona chigayo choyendera mphepo.
Patsogolo pake pali wina wogulitsa tchizi,
kenako wa mlatho wodzuka wokha boti likamadutsa.
Aliyense ndi wa njinga, adadi,
dokotala, m'busa, ndi gogo wanga yemwe akapezako bwino.

Ndaseka ndekha pansi pa msuku uno.
Zaka makumi atatu ndikumata machubu ku Epworth,
anyamata a makombi akundikuwiza kuti Mubhurandaya,
mwana yemweyu nkumatsika pakaliyala
tisanafike pa geti la sukulu
kuopa anzake angamuone.

Ndimuyankhe chiyani?
Kuti miyala ya ku Chiremba ikadali chisanjikizane,
yomwe ija anaijambula pa ndalama.
Ndalamazo zinagwa kalekale, iyo ayi.
Kuti ku Mbare akadali kukanganirana apaulendo,
madzi kuno anabwera Lachiwiri usiku
ndipo tinatunga mpaka tambala woyamba.
Kuti jakaranda wa m'tauni wayoyoka kale
koma ine sindinakhale ndi ya kombi yokamuonera.
Za ku Domboshava sindimukumbutsa.
Tinakwera thanthwe lija mayi ake ali moyo,
iye atamuberekera kumbuyo, akulirira chimanga chootcha.

Ndabwereranso ku chithunzi chomaliza.
Waima m'mbali mwa ngalande, chijasi mpaka m'maondo,
akumwetulira kumwetulira kwa munthu wozizidwa.
Ndakulitsa ndi zala ziwiri za girisi,
galasi la foni lada,
ndapukuta ndi malaya, ndakulitsanso.
Nkhope ndaisiya, ndatsikira pa njinga.

Tcheni chakhwepa.
Tayala lakumbuyo lapuma mpweya.
Kudziko la njinga zonsezo
palibe anamuuza?

Ndalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono:
Mwana wanga, kwanuko nkokongola.
Upeze sipanala ya fifitini,
umasule manati awiri akumbuyo,
ukokere tayala kwa iwe pang'ono.
Ukalephera undiimbire, ndili pamsuku pomwe paja.