Lachitatu la Phulusa ku Cebu

Jomar watuluka m'tchalitchi,
phulusa lili pamphumi,
foni ikuphiriphitha m'thumba ngati mbalame yogwidwa.

Dzulo usiku anamwaza chithunzi cha Liezel
atagwa chagada m'matope pachipata cha sukulu.
Anthu mazana anayi aseka.
Woyamba kuseka anali iye.

Wansembe wati, ndiwe fumbi.
Za foni sanatchule.

M'jipini yothithikana
wafufuta chithunzicho,
koma madzi akatayika sawoleka:
chili kale m'manja mwa anthu osawadziwa.

Watsikira pamsika wa Carbon,
ndalama ya bandulo ya sabata yonse
wagulira mango awiri.

Kwa Liezel kuli galu wolusa.
Wagogodabe.
Thukuta latsitsa phulusa lija
mpaka pamphuno,
ndipo mawu oyambira sanawapeze.